Muinyu wa Ababa

Loweruka lapitali tinakaika mtanda wa simenti pa manda a ababa, a Firimino Mbewe, chaka chitatha chimwalirireni. Misa itatha, mlongo wanga Tomazi anaimirira atavala kazako, jekete lake la ku Tete, n'kuyamba kunena mbiri. Ananena za ntchito yawo yophikira ansembe, za kuthawa nkhondo, za minda ya kachewere. Atafika pa nkhani ya kafe anthu onse anaseka, chifukwa kuno ku Lifidzi palibe amene sadziwa kuti mkulu uja anali ndi makina operera kafe amene ankawasamala kuposa ng'ombe zake. Ndiye Tomazi anatembenukira kwa mkazi wake Nangozo n'kunena kuti mwa ife tonse, ndi iye yekha amene ababa anamukhulupirira ndi makinawo. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinali kumbuyo ndi ndowa ya thobwa la alendo, ndipo sindibisa, nsanje inandigwira.

Kuchita nsanje pa manda a bambo ako n'chamanyazi, ndikudziwa, musandiuze. Koma wofuna mbiri yosalala akafunse Tomazi. Ine ndine Luziya, mwana wawo woyamba, amene sindinachokepo pabwalo pano, ndipo ndinena za ababa amene ndinawaona ine.

Anali munthu wamfupi, wouma thupi, wa ndevu za pamlomo zokha, woyenda ngati wasiya mkaka pamoto. Chilichonse ankayamba achinunkhiza: ndiwo, malaya atsopano, mbewu ya nyemba, ngakhale mdzukulu wobadwa kumene. Zikhadabo zawo zinali zoyera kuposa za anamwino, chikhalirecho khasu ankaligwira tsiku ndi tsiku. Ukhondo umenewu anautola ku kuzinya, khitchini ya ansembe achipwitikizi, kumene anaphika zaka zambiri, ndipo n'komweko anatolanso matenda a kafe. Osati kafe wa m'chitini wosungunula ndi madzi, ameneyo ankati ndi dothi la pachulu. Wawo anali uja wakuda bii, wa m'kashavena, kakapu kakang'ono ngati chigoba cha dzira, amene iwo ankamutcha bika. Zaka zimene tinakhala ku Dedza pothawa nkhondo ankamwa tiyi akudandaula ngati akumwa mankhwala a malungo. Ankati tiyi ndi madzi otentha amene angofiira ndi manyazi basi.

Titabwerera kuno, asanamalize n'komwe kufolera nyumba, anadzala mitengo ya kafe kuseri kwa khola. Itayamba kubala ankakazinga okha m'phale, ndipo wosinja ndinali ine. Kunali kamtondo kakang'ono ka mlombwa kamene sikankalowa china chilichonse. M'mawa uliwonse, nkhungu ili mbuu, ndinkamva mawu kuchokera pakhonde pawo: "Luziya, mtondo!" Ndinkasinja, kusefa, kusinjanso zotsala, iwo n'kutapa pang'ono, kutikita pakati pa zala, kupukusa mutu. Lero akuti wakhakhala ngati misere, mawa akuti wasalala ngati ufa woyera. Sanayamikirepo ngakhale kamodzi. Koma ankaitana ine, ndipo ndinasinja kuyambira ndili namwali mpaka ana anga atayamba shikola. Amayi atamwalira, kuitana kumeneko ndi kumene kunkandiuza kuti kwacha ndipo ababa adzuka bwino.

Zinasintha Tomazi atapeza ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize. Akuntchito anamutumiza ku Joni kukaphunzira, ndipo pobwera anabweretsa mabokosi awiri. M'bokosi lina munali makina ofululira bika. M'linalo munali mwini nkhani, makina operera. Ababa anakamuchingamira ku Ulongwe, ndipo m'shapa, minibasi ija, ananyamula bokosilo pamiyendo njira yonse, atakangana ndi kobiradori, wolandira ndalama uja, amene ankafuna kulikankhira pansi pa mpando pamodzi ndi matumba a anyezi. Chinthucho n'chakuda, cholemera ngati mwana woyamwa wonenepa. Pamwamba pali chikho chagalasi chothiramo njere, m'khosi muli mphete ya timizere imene umazungulitsa kuti ufa usalale kapena ukhakhale, ndipo m'kati muli timphero tiwiri tachitsulo ta mano. Anthu ankati kachigayo. Ababa ankakwiya, amvekere chigayo chili pamsika, uwu ndi muinyu. Mtengo wake Tomazi anakana kunena, ndipo ine sindinakakamize, ndinadziwiratu kuti ndikaumva ndidwala.

Anaupatsa chipinda chakechake, chija amayi ankasungiramo nyemba. Mmisiri anakhoma meza, katebulo koikapo makinawo, wamagetsi anaika tomada pakhoma polumikiza chingwe, ndipo pakhomo anapachika nsalu. Kamtondo kanga kanakathera ku khola la nkhuku, momwera madzi. M'mawa wotsatira ndinadzuka monga mwa masiku onse, ndinatchera khutu, koma chimene ndinamva ndi kulira kwa makina, vuuu, pang'ono chabe, kenaka zii. Ntchito imene inkanditulutsa thukuta inatha munthu asanamalize kuyasamula.

Magetsi athu ndi a kumudzi, amabwera ndi kupita ngati mwamuna wamitala. Tsiku loyamba kuzima m'mawa ndinathamangira ku khola la nkhuku, ndinatsuka kamtondo, kukaumitsa pamoto, n'kukhala nako pabwalo ndikudikira. Ababa anatuluka, anayang'ana ine, anayang'ana kamtondo, n'kufunsa ngati nkhuku zasiya kumwa madzi. Anadikira magetsi mpaka masana, mutu ukuwawa, ali ndwii, koma kafe wa mumtondo sanamufunenso. Ankati lilime likadziwa njira yabwino silibwerera m'mbuyo.

Malamulo a muinyu anali ambiri kuposa a m'katekisimu. Njere ankayeza pa kabalansa, za kashavena kamodzi basi, chifukwa ankati kafe akagona atapera kale fungo limasamuka. Asanathire ankanyowetsa nsonga ya chala n'kuvundula njerezo kuti ufa usamatirire m'mbali. Ankayamba aponyamo tinjere tingapo totaya, tokankha ufa wotsalira dzulo. Njere zokazinga mopitirira mpaka kutuluka mafuta sankazilola, ankati mafuta ndiwo mdani wa timphero. Mphete ija sankaimanga makina ali chete, kuopa kuti timphero tingalumane. Ndipo sinkakhala pamalo amodzi chaka chonse: mvula ikayamba ankaimasula pang'ono, mphepo youma ya mwezi wa Agoshitu ikafika ankaimanga. Chiweruzo chinali pofulula. Bika akathamanga ngati madzi a pampopi ndiye kuti ufa wakhakhala, awawasa. Akamangodontha ngati denga lakale, ufa wasalalitsa, awawa. Wabwino ankatsika ngati mchira wa mbewa, pamwamba pali thovu lofiirira. Akaphonya ankakakhuthula pansi pa mtengo wa pichesi osamva chisoni, ine ndikuona.

Akamaliza ankasesa paliponse ndi kapinseli kofewa kamene kankakhala m'thumba la malaya awo. Loweruka ankachotsa chikho chagalasi n'kuchipukuta ndi nsalu youma. Madzi ndi sopo, amene kuno timati sabau, zinali zoletsedwa kuyandikira meza. Mphezi zikayamba ankathamanga kuchokera kumunda kudzazula chingwe pa tomada, ng'ombe n'kuzisiya zikulowa m'chimanga cha eni, ndipo mlandu umenewo tinaulipirapo. Mlendo aliyense, kaya katekista kaya wogula kachewere wa ku Kalomwe, ankapatsidwa kashavena, n'kumamwa atakwinya nkhope, ababa akumuyang'anitsitsa. Wopempha shuga wambiri sankapatsidwanso.

Nanga ine? Ntchito yanga inali kukhala ndi lichero m'mawa, kusankha timiyala m'njere, chifukwa kamwala kamodzi kokha kakanatha kubenthula mano a timphero. Ndikamaliza ndinkapereka lichero pakhomo, iwo n'kulandira, nsalu n'kugwa. Malamulo onse ndatchulawa ndinawaphunzira ndi makutu, ndili panja. Tsiku lina ndinalimba mtima, ndinati, "Ababa, bwanji lero ndipereko ine?" Anandiyang'ana manja, amvekere, "Iwe mtima wako umathamanga. Pita ukaone mbuzi."

Ndinadzitonthoza kuti palibe kanthu, sakhudzitsa aliyense. Tomazi yemwe, mwini kugula, anamenyedwapo padzanja chifukwa chosuntha mphete. Bola tonse tinali panja.

Kenaka kunabwera Nangozo. Tomazi anamukwatira ku Ulongwe n'kudzamusiya kuno ngati mtengwa, iye n'kubwerera ku ntchito. Anali mtsikana wofatsa, wa manja ang'onoang'ono, wolankhula ngati akuopa kudzutsa mwana. Ndi ababa ankapewana monga mwa mwambo wa apongozi: akakumana panjira iye ankapatuka n'kugwada chakumbali, nkhope kwina. Sankadyera pamodzi, sankayang'anana m'maso, ndipo mawu awo ankadutsira mwa ine. Ndinkamukonda ndithu masiku amenewo, Mulungu ndi mboni.

Koma taonani zimene zinachitika patapita zaka zochepa. Kunabwera wansembe wachinyamata, wofika kumene ku parokiya, kudzaona ababa. Amene analowa kuseri kwa nsalu ija anali Nangozo. Muinyu unalira, kashavena kanatuluka, wansembe anamwa n'kutsinzina. "A Mbewe," anatero, "mwana wanu wamkaziyu mwamuphunzitsa bwino." Ine ndinali pomwepo ndi madzi osamba m'manja. Ndinadikira kuti amukonze, anene kuti uyo ndi mtengwa, mwana wanga ndi uyu. Ababa anangoti, "Ali ndi khutu." Potuluka wansembe uja anandipatsa moni n'kundifunsa ngati ndimakhala pafupi.

Kuti zifike pamenepo, chinayambitsa ndi mtedza.

Nangozo anali asanathe mwezi pakhomo. Tsikulo ababa anapita ku chipatala ku Ulongwe osanena chimene chikuwavuta, ine ndinali kudimba. Mtsikanayo anafuna kuphikira apongozi ake mpiru wotendera, aone kuti mwana wawo sanatole mkazi wa manja lende. Mtondo waukulu unali utabwerekedwa kumaliro. Iye anali ataonapo kwa azakhali ake m'tauni makina opera mtedza, tomato, chilichonse. Anakweza nsalu ija, anaona chikho chagalasi, anathiramo mtedza wodzaza manja awiri, n'kudina.

Ndikufika pabwalo khasu lili paphewa, ndinamva fungo la chiponde chopserera. M'chipindamo muinyu unali duu, kukamwa kwake kukutuluka phala la mtedza, ndipo Nangozo, misozi ili chuchuchu, anali atanyamula basiya yodzaza madzi ndi sabau kuti autsuke apongozi asanabwere.

"Madzi ayi!" ndinakuwa. "Mlamu, ikani pansi! Mukathira madzi ndiye mwaupheratu!"

Ndinazula chingwe pa tomada, ndinamulanda basiya, n'kumutulutsa panja.

"Mlamu, nditani ine?" iye akulira. "Andithamangitsa."

Ndinamugwira paphewa n'kumuuza kuti alimbe mtima. Koma m'kati, abale inu, ndinali kuvina. Sindinamufunire zoipa mwana wa eni, ayi, kungoti ndinati lero ababa adziwa amene ali ndi mutu pakhomo pano. Wapulumutsa muinyu ndani? Ine. Wodziwa malamulo ndani? Ine ndemwe.

Ababa anafika dzuwa litapendeka, ndipo ananunkhiza ali kumsewu. Analowa m'chipindamo, anakhalamo nthawi yaitali. Nangozo anali atagwada kuseri kwa nkhokwe, katundu wake atamanga kale m'kapulana, chitenje chake chija. Potuluka ababa anafunsa amene anazula chingwe ndi kuletsa madzi. Ndinati ndine. Anagwedeza mutu. "Wachita bwino," anatero, ndipo aka kanali koyamba kumva mawu amenewa pa nkhani ya kafe. "Mawa m'mawa ukandigulire kachasu, wa mutu weniweni uja woyaka."

Ababa sankamwa mowa. Kachasuyo anali wosungunulira mafuta a mtedza pa timphero, poti amauma msanga osasiya dzimbiri. Koma anthu a m'mudzi ukawauza zimenezo angamve? Ndinadutsa mudzi wonse garafa ya kachasu ili m'manja, ine mayi wa kwaya, ndipo mpaka lero alipo amene amati Luziya amamwa mobisa. Ndinalibe nazo ntchito. Ndinkathamanga, ndikudziwa kuti lero ndilowa m'chipinda chija. Ndisanapereke garafa ndinasamba m'manja kawiri, ndinawenga ndi zikhadabo zomwe.

Ndinapeza atatsitsira muinyu pamphasa, atayala nsalu yoyera, chomasulira maparafuzu, timisomali tozungulitsa tija, ndi timitengo ta nsungwi tosongola zili pambali. Analandira garafa, ananunkhiza. Kenaka anati, "Kawaitane apongozi anga."

"Ababa?"

"Kawaitane. Amene adetsa ndiwo atsuke."

Ndinakamuitana ndi miyendo yanga yomwe, ndi pakamwa panga pomwe. Analowa choyenda ndi mawondo. Ababa anatembenuza kampando kawo n'kukhala choyang'ana pazenera, msana kwa iye, kuti mwambo usasweke, ndipo anayamba kulankhula ngati akuuza khoma. "Chotsani chikho. Mwawaona maparafuzu? Masulani pang'onopang'ono, musataye ngakhale limodzi. Mphero ya pamwamba muinyamule ngati dzira." Ine ndinaima pakhomo ndi manja anga osamba kawiri aja. Patapita kanthawi anati, osacheuka, "Luziya, ukutchinga kuwala."

Ntchitoyo inadya tsikulo ndi lotsatira. Dzino lililonse la timphero Nangozo analitokosa ndi kamtengo, kulipukuta ndi kachasu, kuumitsa pamphepo. Pobwezera anamuphunzitsa chimene ine ndinali ndisanamvepo n'komwe: kuyatsa makina opanda kanthu, kumanga mphete pang'onopang'ono mpaka timphero titalira tswii ngati mwanapiye, ndiye kubweza. Ababa ankamva ndi khutu, iye ankagwira ndi dzanja. Anapera kafe wambiri wotaya kuti fungo la mtedza lichoke, kafe amene ndinasankha ine. Bika woyamba atatsika bwino ndinamva ababa akuseka, kuseka kumene ndinali ndisanakumve chimwalirireni amayi. M'mawa mwake mawu oitana anabwerera pakhonde, koma anali akuti, "Apongozi, kwacha!"

Azakhali athu, alongo awo a ababa, anabwera kudzadzudzula kuti mpongozi ndi mtengwa m'chipinda chimodzi n'zachilendo. Ababa anawauza kuti abweretse munthu amene anawaonapo akuyang'anana, ndipo azakhali anabwerera ndi bika wowawa m'mimba. Zoonadi, zaka zonsezo sanayang'anane. Iwo maso pazenera, iye maso pa mphete. Ankakonda kunena kuti munthu amene sanawonongepo chinthu sadziwa kulemera kwake, ndiye chinthu cha mtengo uzipatsa amene anachilirirapo. Ine ndinkati m'mtima, mukanandiuza kale, bwenzi nditathiramo ndi chimanga chomwe.

Musaganize kuti anali munthu wouma mtima. Maliro akagwa, woyamba kufika ndi ngolo ya nkhuni anali iwo. Maukwati ambiri a m'dera lino anaphika ndi iwo, osalandira kanthu kupatula mutu wa mbuzi, ndipo amayi ophika ankawaopa chifukwa ankanunkhiza mphika uliwonse n'kunena amene wapsereza anyezi. Mwana wanga atadwala anamubereka okha kumsana mpaka kuchipatala, ine ndikuthamanga pambuyo ndi nsapato zawo. Kungoti kuyamikira kunkawavuta ngati kukwera phiri la Domwe. Ankati kuyamikira munthu n'kumuphunzitsa ulesi. Amayi anakhala nawo mpaka imfa osamvapo kuti ndiwo zakoma, chizindikiro chinali mbale yopanda kanthu.

Chaka chomaliza Tomazi anatenga mkazi wake ndi ana kupita nawo ku Tete chifukwa cha shikola. Pamenepo manja a ababa anali akunjenjemera moti mabatani a malaya ndinkawamangira ndine. Ndinati basi, nthawi yanga yakwana, palibenso wina. Iwo anavundikira muinyu ndi nsalu. Nangozo akabwera kutha kwa mwezi nsalu inkachoka, akapita inkabwerera. Masiku ena onse munthu uja wonyoza tiyi ankamwa tiyi wanga, chete.

Apa ndiye tinayambana, mkangano wokhawo waukulu umene ndinachitapo ndi ababa. Ndinawapeza m'chipindamo akusesa ndi kapinseli makina osagwira ntchito.

"Ababa, kodi ine ndine mwana wa yani?"

"Wayamba chiyani m'mawa uno?"

"Ndimakuchapirani, ndimakuphikirani, ndimakumetani ndevu. Lumo pakhosi panu mumandikhulupirira nalo, koma kachitsulo aka ayi? Malamulo onse ndimawadziwa. Ndifunseni!"

"Ndikudziwa kuti umawadziwa."

"Nanga?"

Anaika kapinseli pa meza. Ndiye anati, "Iwe uli ndi zambiri. Asiyire apongozi anga naonso chawo."

"Zambiri zake ziti? Zochapa?"

Anatolanso kapinseli n'kupitiriza kusesa. Ndinatuluka ndikulalata, ndipo sabata imeneyo tiyi ndinkangowaikira pakhonde osalankhula.

Anadwala nthawi yokolola nyemba, chifuwa, ndipo sanadzukenso. M'mawa wina anati akufuna bika. Ndinati ndipere ine, inu muzindiuza muli chigonere. Anapukusa mutu pamtsamiro. "Aimbire foni apongozi." Ndinaimba. Nangozo anakwera shapa yoyamba ndipo anafika masana, fumbi lili mbuu, osakhala n'komwe pansi. Ine ndinali pakama, mutu wa ababa uli pamiyendo panga, pomwe muinyu unalira kuseri kwa khoma. Anatsegula maso, anamvetsera. Ndiye ndi mawu ang'onoang'ono anati, "Wakhakhala. Uwauze amange kamzere kamodzi." Ndinafuula uthengawo kudutsa khoma. Muinyu unaliranso, iwo anamwetulira n'kutseka maso. Kumwa sanathe, ndinangowanyowetsa milomo ndi chala. Anapuma mpaka m'mawa mwake, koma sanalankhulenso. Mawu omaliza a bambo anga anawanena ali pamiyendo panga, ndipo anali a munthu wina.

Pa kumeta, pogawa katundu, azakhali anachitira umboni kuti muinyu ndi makina anzake ababa anasiyira mtengwa. Nangozo anakana kunyamula, anati zikhale mpaka chaka chithe. Ndiye Loweruka lija la mtanda, alendo atabalalika, anandipeza ndikutsuka mbale kuseri.

"Mlamu," anatero, atagwada ngati ndine apongozi ake, "muinyu uja ukhale konkuno. Ndikuphunzitsani, si zovuta."

"Wakuuzani ndani kuti sindidziwa?"

"Pepani. Koma pali chimene ndimafuna mudziwe. Tsiku la mtedza lija manja awo anali atayamba kale kunjenjemera. Ku Ulongwe anapitira zimenezo. Parafuzu sakanatha kumasula okha. Anaitana ine chifukwa ine sindikanawayang'ana. Inu mukanaona."

"Anakuuzani okha?"

"Ayi. Ndinkangomva kashavena kakugogoda pa kambale."

Mwina n'zoona. Nangozo sanama, ndicho chimandipsetsa mtima mwa iye, alibe pomugwira. Koma ngati anandibisira manja awo chaka chimenecho, nanga pambuyo pake, ine ndikuwamanga mabatani, ankabisanso chiyani? Ndinamuuza kuti anyamule. Sindinkafuna makina ine, ndinkafuna kuitanidwa, ndipo zimenezo iye sangandiphunzitse. Analira, ine sindinalire. Lamulungu m'mawa Tomazi anakweza mabokosi aja m'galimoto, n'kumapita.

Dzulo ndinalowa m'chipindamo kukasesa. Nsalu ya pakhomo ndinaichotsa, ikufunika kuchapa. Pa meza patsala mabala awiri pamene makina ankakhala, lina lalikulu, lina laling'ono, ndi tiufa takuda m'ming'alu ya thabwa timene tsache silitha kutulutsa. Tomada ili pakhoma yopanda chingwe. Fungo likadalimo, koma mpaka ulifunefune. Amuna anga akuti tiikemo mbewu ya kachewere, chipinda chisangokhala, ndawauza adikire. Kampando ka ababa kali pomwe anakasiya, kofulatira meza, ndipo zaka zonsezi ndinali ndisanakhalepo. Ndinakhala. Zeneralo n'laling'ono, galasi lake lothimbirira, ukakhala panja suona m'kati. Koma ukakhala pa kampandoko suona phiri, suona msewu, suona khola. Umaona khonde la nyumba yanga lokha, pomwe ndimakhala m'mawa, pafupi moti ukhoza kuwerenga zala za munthu. Ndiye kuti kukacha kulikonse, muinyu ukulira kumbuyo kwawo, maso awo anali pa ine. Ankandiona ndithu, ndipo sanandiitane.